Australia ibweze ana a Aaborijini m'manja mwa akuluakulu awo

Yuendumu ndi mudzi wa anthu a mtundu wa Warlpiri, umodzi mwa mitundu ya Aaborijini (eni nthaka a ku Australia), uli m'chipululu cha pakati pa dziko la Australia, makilomita pafupifupi 300 kuchokera m'tauni ya Alice Springs. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mudziwu unagwidwa ndi mliri wa kununkhiza petulo. Ana ankapopa petulo m'magalimoto a eni ake, kumuthira m'zitini, n'kumayendayenda usiku wonse chitini chili pamphuno. Petulo amawononga ubongo, ndipo amene wafika naye patali mutu wake subwereranso m'chimake. Pa nthawi ina achinyamata pafupifupi 70 a m'mudzi umodziwu anali atalowerera. Apolisi analipo, chipatala chinalipo, sukulu inalipo, koma zinthu zinkangoipiraipira.

Mu 1994 akuluakulu a pamudzipo anatopa n'kudikira thandizo lochokera kutali. Mayi Peggy Nampijinpa Brown ndi bambo Johnny Japangardi Miller anavomera kutenga anawo kupita nawo ku Mount Theo, malo a makolo a Warlpiri omwe ali makilomita pafupifupi 160 kuchokera pamudzipo. Kumeneko kulibe sitolo, kulibe magalimoto odutsa, kulibe petulo woti munthu n'kuba, ndipo kuthawa wapansi n'kosatheka. Mwana ankapita banja lake litavomereza, n'kukhalako milungu ingapo. Ankapita kosaka, kotola nkhuni, ankaphunzira mayina a mapiri ndi zitsime pamodzi ndi nkhani za makolo zokhudza malo amenewo. Mzungu wina amene ankagwira ntchito pasukulu ya ku Yuendumu, Andrew Stojanovski, ankathandiza pa mayendedwe ndi pa zolembalemba, koma olera anawo anali eni mtundu. Zaka zoyambirira ntchitoyi inkayenda ndi zochepa zimene mudzi unkasonkha. Pofika nthawi imene petulo wa Opal, amene saledzeretsa womununkhiza, anayamba kugulitsidwa m'midzi ya m'chipululu mu 2005, ku Yuendumu vutoli linali litachepa kale kwambiri. Pambuyo pake atatu aja analandira mendulo za ulemu za Order of Australia.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhaniyi ndi zimene zinadza pambuyo pake. Ena mwa ana omwe ankayenda ndi zitini aja atakula anakhala aphungu a azing'ono awo, mu pulogalamu yotchedwa Jaru Pirrjirdi. Ndi iwo amene ankayendetsa masewera a madzulo, kuperekeza ana kutchire, ndi kukhala pansi ndi mnyamata amene wayamba kulankhula zodzipha. Mudzi unayamba kudzibalira aphungu ake wokha.

Ganizo langa ndi ili: mwa mapulogalamu onse amene amati akulumikiza achinyamata a Chiaborijini ndi chikhalidwe chawo, amene ayenera kupatsidwa ndalama zambiri ndiponso za nthawi yaitali ndi omwe akuluakulu a mtunduwo anayambitsa okha ndipo akuwalamulira okha. Lero zili mosemphana. Amenewa ndi omwe amakhalira kupemphetsa chaka ndi chaka, pamene ndende za ana sizisowa ndalama.

Kuti timvetse chifukwa chake nkhani ya mwini pulogalamu ili yaikulu chotere, tiyenera kukumbukira zimene boma la Australia linachita ndi ana a anthuwa. Kuyambira cha m'ma 1910 mpaka m'ma 1970, maboma a zigawo mothandizana ndi mipingo ina ankachotsa ana a Aaborijini kwa makolo awo, makamaka ana obadwa kwa makolo a mitundu iwiri, n'kukawaika m'nyumba zosungira ana kapena m'mabanja a azungu. Ankawaletsa kulankhula zinenero zawo. Ena anauzidwa kuti mayi awo anamwalira, mayiwo ali moyo. Lipoti la Bringing Them Home la mu 1997 linapeza kuti ochotsedwawo anali pakati pa mwana mmodzi mwa 10 alionse ndi mmodzi mwa atatu alionse. Nduna yaikulu Kevin Rudd anapepesa m'nyumba ya malamulo pa 13 February 2008. Koma onse amene ankalanda anawo ankati akuwathandiza. Ankati akuwapatsa munthu wabwino woti awaonetse njira ya moyo. Ndiye gogo wa Chiaborijini akaona galimoto ya bungwe itaima pakhomo, mlendo akutsika n'kunena kuti wabwera kudzakhala mlangizi wa mdzukulu wake, ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti watumidwa ndi yani ndipo mwanayo akupita naye kuti.

Ndipo kuchotsa anaku sikunathe. Mwa ana 100 alionse a ku Australia, a Chiaborijini pamodzi ndi a kuzilumba za Torres Strait ndi pafupifupi 6 okha. Koma mwa ana 100 omwe boma lawachotsa m'mabanja awo kuti akaleredwe kwina, oposa 40 ndi iwowo. M'ndende za ana, oposa theka ndi iwowo.

Kodi wamkulu wa mtundu amapereka chiyani chimene mlangizi wolembedwa ntchito sangapereke? Kwa a Warlpiri munthu aliyense amabadwira m'gulu limodzi mwa magulu 8 a chibale, ndipo mayina aja Nampijinpa ndi Japangardi ndi a magulu amenewa. Mwana akadziwa gulu lake amadziwa amene ayenera kumutchula mayi, amene ndi malume ake, amene angakwatirane naye, amene ayenera kumupatukira panjira, komanso malo amene iye ali ndi udindo wowasamalira. Ife Achewa sitifunika kufotokozeredwa zambiri pamenepa. Tikudziwa kuti atsibweni sasiya utsibweni chifukwa choti ndalama za pulojekiti zatha, ndipo phungu amene anakugwira dzanja pachinamwali umamupatsa ulemu mpaka imvi. Mlangizi wa bungwe angakhale ndi mtima wabwino kwambiri, koma kontirakiti yake ikatha amasamukira ku Perth kapena ku Melbourne, ndipo mwana amene anazolowera kusiyidwa amaphunziranso kachikena kuti akuluakulu sakhalitsa. Wamkulu wa mtundu amapatsanso mwana ntchito. Amamuuza kuti chitsime ichi n'cha agogo ako, ukapanda kuchisamala iwe palibe wina. Mnyamata amene sukulu inamuuza kuti ndi mbuli, apolisi n'kumuuza kuti ndi chigawenga, akamva kuti pali chinthu chimene chikudikira iyeyo, maganizo ake amayamba kusintha.

Kuchigawo cha Kimberley, kumpoto kwa Western Australia, akuluakulu a mitundu inayi, Nyikina, Mangala, Karajarri ndi Walmajarri, anayambitsa pulojekiti ya Yiriman m'chaka cha 2000 m'mudzi wa Jarlmadangah. Anali ataona ana awo akumira m'mowa ndi chamba, akulowa ndi kutuluka m'khoti, ena akudzimangirira. Njira yawo ndi yoyenda. Amatenga achinyamata n'kupita nawo kudziko la makolo kwa masiku angapo, nthawi zina wapansi mtunda wautali, agogo ndi adzukulu limodzi. Atsikana amaphunzira kwa amayi za mankhwala a zitsamba ndi zakudya za m'tchire, anyamata amaphunzira kulondola mapazi a nyama ndi kuotcha tchire pa nthawi yake. Kumene apite, amene apite ndi zimene akaphunzire, amasankha ndi akuluakuluwo, ogwira ntchito olembedwa amangokonza galimoto, chakudya ndi mapepala. Mu 2019 woweruza wofufuza za imfa ku Western Australia, Ros Fogliani, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa imfa za ana ndi achinyamata 13 a ku Kimberley, wamng'ono kwambiri mtsikana wa zaka 10. Mwa malangizo ake 42, ananenanso kuti ntchito ya mtundu wa Yiriman ifalikire m'chigawo chonsecho. Zimandipweteka kuti panafunika maliro ochuluka chotero kuti boma limve kuchokera kukhoti zimene agogo a ku Jarlmadangah anali akunena kwa zaka pafupifupi 20.

Pali kafukufuku wina wa ku Canada amene anthu amamutchula kawirikawiri pa nkhani imeneyi, ndipo ambiri amamumva theka. Mu 1998 Michael Chandler ndi Christopher Lalonde anayerekeza midzi ya eni nthaka a ku British Columbia, n'kupeza kuti kudzipha kwa achinyamata kunali kosiyana kwambiri pakati pa mudzi ndi mudzi. M'midzi ina kunali kochuluka koopsa, m'midzi ina kunalibiretu. Kumene kunali kochepa ndi kumene anthu anali ndi mphamvu pa zinthu zawo: ankadzilamulira, ankamenyera malo awo, ankayendetsa okha sukulu, zaumoyo ndi chitetezo, ndipo anali ndi nyumba zosungira chikhalidwe. Onani kuti zambiri mwa zimenezi ndi za ulamuliro. Amene amaganiza kuti kulumikiza mwana ndi chikhalidwe n'kumupaka utoto kumaso ndi kumuvinitsa pa sabata ya NAIDOC, yokondwerera chikhalidwe cha Aaborijini mu July, kenaka n'kumubweza m'kalasi momwe zonse akusankha ndi alendo, sanamvetse phunziroli. Mwana amalimba mtima akaona anthu a kwawo akumvedwa ndi kulemekezedwa.

Tsopano otsutsa ali ndi mfundo, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Yoyamba ndi yakuti chikhalidwe sichilipira lendi. Mwana akufunika kumaliza sekondale ndi kupeza ntchito, ndipo milungu imene ali kutchire anzake ali m'kalasi. Pali mabungwe amene anasankha njira ya sukulu ndipo achita zooneka. Clontarf Foundation inayamba mu 2000 ku Perth ndi anyamata 25, woyambitsa wake Gerard Neesham, yemwe kale anali mphunzitsi wa timu ya mpira ya Fremantle. Amakopa anyamata ndi mpira, koma kuti usewere uyenera kupezeka m'kalasi. Lero anyamata ake ndi oposa 10,000. Bungwe la AIME linayamba mu 2005 pamene Jack Manning Bancroft, wophunzira wa Chiaborijini pa yunivesite ya Sydney, anatenga anzake 25 kuti akhale alangizi a ana 25 a sekondale. Palinso Stars Foundation ya atsikana, yomwe inabwera mu 2015. Ndimalemekeza ntchito zimenezi, ndipo sindikunena kuti zilandidwe ndalama. Koma tivomereze chifukwa chimene zimapezera thandizo mosavuta. Zotsatira zake zimalowa bwino m'lipoti: ana angati abwera kusukulu, angati amaliza chaka chomaliza. Nduna ndi kampani ya migodi zimakonda manambala otere. Mnyamata amene sanadziphe chifukwa agogo ake anayenda naye masiku 10 m'chipululu saoneka pa tebulo lililonse la manambala.

Komanso si zoona kuti dziko la makolo ndi ntchito n'zosemphana. Kuyambira mu 2007 boma la Australia lakhala likulipira Aaborijini oyang'anira chilengedwe m'malo awo. Ku Arnhem Land, kumpoto kwa dzikolo, luso lakale lootcha tchire pang'onopang'ono kumayambiriro kwa chilimwe, udzu usanaumiretu, limaletsa moto waukulu wa kumapeto kwa nyengoyo, ndipo utsi umene wapewedwawo umagulitsidwa ngati makirediti a kaboni, omwe ndi malipiro a ntchito yochepetsa mpweya woononga nyengo. Ndalama zimalowa m'midzi. Sukulu za kumeneko, monga za ku Maningrida ndi ku Yirrkala, zili ndi pulogalamu ya Learning on Country, momwe ana a sekondale amapita kutchire ndi oyang'anira chilengedwewo pamodzi ndi akuluakulu, ndipo zimene akuphunzira kumeneko zimawerengedwa kusukulu. Mwana amene akudziwa chinenero cha agogo ake, mayina a mitengo ndi kagwiritsidwe ka GPS ali ndi ntchito yomudikira kwawo komweko.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yakuti Aaborijini ambiri, oposa 80 mwa 100 alionse, sakhala m'midzi yakutali. Amakhala m'mizinda ndi m'matauni, ndipo ambiri zinenero zawo zinatayika kale. Azungu pofika mu 1788 kunali zinenero zoposa 250, lero zimene zikulankhulidwabe ndi pafupifupi 120, ndipo zimene ana akuziyamwirabe kunyumba sizifika 20. Ndiye mwana wa ku Sydney mupita naye kutchire liti? Yankho lake lili ku Redfern, dera la Aaborijini la mkati mwa Sydney, kumene mu February 2004 kunabuka ziwawa mnyamata wa zaka 17, TJ Hickey, atamwalira ndipo anthu akuloza chala apolisi. Patapita zaka zisanu, mu 2009, Shane Phillips wa bungwe la Aaborijini la Tribal Warrior anagwirizana ndi mkulu wa apolisi wa m'deralo, Luke Freudenstein, n'kuyambitsa pulogalamu ya Clean Slate Without Prejudice. Anyamata amene apolisi ankawathamangitsa usiku anayamba kudzutsidwa mbandakucha ndi aphungu a mtundu wawo, kupita kukachita masewera a nkhonya limodzi ndi apolisi omwewo, kenaka kudya kadzutsa n'kuperekezedwa kusukulu. Umbava wa achinyamata m'deralo unatsika. Apa panalibe chipululu, koma mfundo ndi yomwe ija: wogogoda pachitseko m'mawa ndi munthu amene mwanayo amamutchula kuti malume, amene mayi ake amamudziwa, ndipo apolisi analowa m'pulogalamu ya eni dera ngati oitanidwa.

Mfundo yachitatu ndi yovuta kwambiri, ndipo ndi yoona: si wamkulu aliyense amene ali woyenera kusungitsidwa mwana. M'midzi ina muli nkhanza, muli uchidakwa, muli akuluakulu amene anazunzapo ana. Imvi si umboni wa khalidwe. Pulogalamu iliyonse iyenera kufufuza mbiri ya aliyense wokhala ndi ana, iyenera kupatsa amayi mawu ofanana ndi abambo, ndipo mwana ayenera kukhala ndi kokadandaula. Koma taonani zimene zinachitika pamene boma linagwiritsa ntchito vutoli ngati chifukwa choti lilande ulamuliro. Mu 2007 lipoti la Little Children are Sacred linaulula za kuzunzidwa kwa ana ku Northern Territory, ndipo langizo lake loyambirira linali lakuti boma likambirane moona mtima ndi Aaborijini eni ake. Boma la nduna yaikulu John Howard linatumiza asilikali m'midzi 73, n'kuimitsa kaye lamulo loletsa tsankho kuti zimenezi zitheke. Olemba lipotilo anadandaula poyera kuti si zimene ananena. Amayi ndi agogo amene anali akulimbana ndi nkhanzazo kwa zaka zambiri anasanduka oonerera m'midzi yawo yomwe.

Sindikufunanso kuti wina aganize kuti uphungu ndi mankhwala a matenda onse. Phungu sangamange nyumba m'mudzi momwe anthu 15 akugona m'nyumba ya zipinda zitatu. Sangachiritse makutu a mwana amene sakumva mphunzitsi chifukwa cha matenda osachizidwa. Ku Yuendumu komwe kuja, mu November 2019, wapolisi anawombera ndi kupha mnyamata wa zaka 19, Kumanjayi Walker, m'nyumba ya abale ake. Mudzi ungalere ana ake bwino chotani, umakhalabe pansi pa apolisi, makhoti ndi malamulo amene sunapange.

Ndiye tiyeni tikambe za ndalama, chifukwa ndi pamene mtima weniweni wa boma umaonekera. Kusunga mwana mmodzi m'ndende ya ana ku Australia kumadya madola a dzikolo oposa 1 miliyoni pachaka. Ambiri mwa ana otuluka m'menemo amabwereranso pasanathe chaka. Mu 2016 dziko lonse linaona pa wailesi ya kanema ya ABC mmene ana ankazunzidwira m'ndende za ana za ku Northern Territory monga Don Dale, ndipo komiti yaikulu yofufuza inalangiza mu 2017 kuti ndendeyo itsekedwe ndiponso kuti zaka zimene mwana angaimbidwe mlandu zikwezedwe. Chigawocho chinakwezadi kufika pa 12, koma mu 2024 boma latsopano linazibwezeranso pa 10. Palibe amene amafunsa ndende kuti ibweretse umboni woti ikugwira ntchito isanalandire ndalama za chaka chamawa. Umboni umafunsidwa kwa agogo a m'mudzi, amene ayenera kulemba mafomu m'Chingerezi, chinenero chawo chachitatu kapena chachinayi, kupempha ndalama za miyezi 12, n'kumataya ogwira ntchito abwino chifukwa sangawalonjeze malipiro a chaka chotsatira.

Pamene umboni wafufuzidwa mokwanira, wapezeka. M'tauni ya Bourke ku New South Wales, Aaborijini motsogozedwa ndi Alistair Ferguson anayambitsa ntchito ya Maranguka, yomwe imatsogoleredwa ndi khonsolo ya mitundu ya m'deralo. Apolisi ndi mabungwe amakumana ndi eni dera pafupipafupi kukambirana za mabanja amene akufunika thandizo, achinyamata amathandizidwa kupeza ziphaso zoyendetsera galimoto kuti asamangidwe pa milandu ya pamsewu. Kampani ya KPMG itaunika chaka cha 2017, inapeza kuti milandu ya mitundu isanu imene ana ankaimbidwa kwambiri inatsika ndi 38 peresenti, ana ofika chaka chomaliza cha sekondale anachuluka ndi 31 peresenti, ndipo phindu lake linali madola 3.1 miliyoni m'chaka chimodzicho, m'tauni ya anthu osakwana 3,000.

Maboma a Australia akudziwa zonsezi. Mu 2020 anasainirana pangano la Closing the Gap ndi mgwirizano wa mabungwe a Aaborijini, n'kulonjeza kugawana nawo mphamvu zopanga ziganizo, kulimbitsa mabungwe olamulidwa ndi eni dera, ndi kuchepetsa ana a m'ndende ndi 30 peresenti pofika 2031. Mu February 2024 bungwe la boma lomwelo la Productivity Commission linaunika panganoli n'kupeza kuti maboma ambiri sanasinthe kachitidwe kawo, akuchitabe ngati ndi iwo amene akudziwa zoyenera Aaborijini. Chofunika tsopano si pangano lina. Mapulogalamu a akuluakulu apatsidwe ndalama za zaka zisanu kapena 10 nthawi imodzi, akuluakulu ophunzitsa ana alipidwe monga amalipidwira mlangizi aliyense wa digiri, makhoti apatsidwe mphamvu ndi ndalama zotumizira mwana kwa anthu a kwawo m'malo mwa kundende, ndipo njira yoyezera ngati pulogalamu ikuyenda bwino ikonzedwe pamodzi ndi mudzi umene ukulera anawo. Ndalama zake zichotsedwe ku bajeti ya ndende za ana.